Tsitsi la Maliro pa Msika wa Lizulu

Ana anga, za ubwana wanga ku Chimaliro ndazidumpha dala, chifukwa sizisiyana ndi za anzanga onse a nthawi imeneyo. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba ndi momwe ndinaisiyira, popeza nkhani imeneyi mwakhala mukuimva zidutswazidutswa kwa anthu ena.

1948 mpaka 1951

Nditamaliza maphunziro ku koleji ya aphunzitsi ya amishoni sindinapite kukaphunzitsa. Ndinalowa ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Dzina lake sinditchula, chifukwa eni ake anasintha kalekale ndipo amene alipo lero alibe mlandu. Ntchito yanga inali kuima pa sikelo anthu akamabwera ndi madengu a masamba, ndiponso kumasulira pakati pa mzungu ndi antchito. Mzunguyo anthu anamutcha Bwana Fulumira, poti ndi liwu lokhalo la Chinyanja lomwe ankalitchula bwino. Sanali munthu womenya ngati azungu ena a m'maesiteti oyandikana nafe. Iye matenda ake anali kudziwa anthu. Alendo akabwera ankawaimika pa khonde la ofesi n'kumawalozera antchito mmodzimmodzi: Alomwe ndi olimba pa khasu koma osamva, Ayao ndi abwino kukhichini, Angoni ndi a ulonda, Amang'anja ndi aulesi. Ankalankhula monga momwe munthu amafotokozera mitundu ya ng'ombe za m'khola lake. Ine Mmang'anja ndinkakhala pa desiki pafupi pomwepo, ndikumva liwu lililonse, cholembera chikuyenda.

Chaka chomwe ndinayamba ntchito ndinakwatira Edina, Mlomwe wa ku Masambanjati. Mwa mwambo wa kwawo ndinayenera kukakhala kwawoko, koma achimwene ake, a Makwinja, omwe anali mwinimbumba, anandilola kumutengera ku nyumba ya akalaliki pa esiteti. Anandichenjeza pamaso pa ankhoswe kuti ndangobwereka, ndipo ana obadwa adzakhala a ku Masambanjati. Rute anabadwa chaka chotsatira.

Febuluwale 1952

Mwezi umenewu tiyi amaphuka usiku ndi usana, ndipo pa esiteti palibe chinthu china chofunika koposa masamba. Edina anali woyembekezera mwana wachiwiri. Matenda anamuyamba m'mawa, azamba nkuona kuti zavuta. Ndinapita ku ofesi kukapempha lole kuti imutengere kuchipatala. Bwana Fulumira anayang'ana kumwamba, nkuyang'ana madengu, nkunena kuti masamba akachedwa kufika ku fakitale apsa, lole ipita ikatha ulendo womaliza. Tinamunyamula pa machila. Anatisiya tili m'njira, pamodzi ndi mwanayo. Za tsiku limenelo ndilemba zokhazi.

Tinakamuika kwawo. Maliro atatha, a Makwinja anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Rute anali atatengedwa kale ndi agogo ake, ndipo ndinalibe pakamwa potsutsira. Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti mwanayo adzabwerere kwa ine ndidzamuphunzitse sukulu, monga momwe ine ndi mayi ake tinkafunira.

"Alamu, nkhani ya mwana sikambidwa dothi la kumanda lisanaume," anatero a Makwinja. "Tikakolola tidzaphika mowa, tidzameta maliro. Mudzabwere ndi tsitsi lanu lonse, tidzalimete ndife. Tikadzaona kuti mwamulira mlongo wathu mpaka pamapeto, pamenepo mudzayankhule za mwana. Koma mukakadzimeta nokha kwa azungu anuko, ndiye kuti mwadzisudzula nokha. Musadzavutike n'kubwera."

Kwa anthu a Edina, mwamuna wofedwa salola lumo kapena sizasi kukhudza mutu ndi chibwano chake mpaka abale a mkazi atamumeta okha ndi kumumasula. Ku koleji anatiphunzitsa kuti zoterezi ndi zachikunja. Koma ine ndinaona kuti anthu omwe anandipatsa mwana wawo wamoyo, ine nkuwabwezera mtembo, sanapemphe zambiri. Ndinabwerera ku ntchito ndi chipewa kumutu, ndipo ndinkachivala ngakhale mu ofesi. Bwana Fulumira atandifunsa, ndinamufotokozera zonse bwinobwino m'Chingerezi. Anati bola chipewacho chisamachoke pamaso pa alendo. Choncho asadzanene munthu kuti sankadziwa.

Juni 1952, kum'mwera

Uthenga unabwera woti kumeta kudzachitika Loweruka lomaliza la mwezi. Ndinapempha tchuthi cha tsikulo ndipo ndinaloledwa. Sabata yomweyo kunafika mlongo wake wa bwana kuchokera kwawo kutsidya la nyanja, dona wachikulire wokhala ndi kamera yolendewera m'khosi. Ankafuna kuona mitundu ya anthu a m'dziko muno ndi misika yawo, kuti akaonetse zithunzi kwa amayi anzake. Bwana analamula kuti lole itsukidwe, aikemo mipando ndi tenti, ndipo ine ndipite nawo ngati womasulira. Ndinamukumbutsa za Loweruka. Anati tidzakhala titabwera Lachisanu. Ndinaima ndikuyang'ana anthu akukwecha lole ija ndi sopo, yomweyo yomwe inalibe mpata mu Febuluwale. Mwezi wa Juni tiyi amagona, ndiye lole inali ndi mpata wozungulira dziko.

Dalaivala anali a Saidi, Myao wa ku Chiradzulu, munthu wosatha kukhala chete. Titangonyamuka Lolemba, azungu atakhala kumbuyo pa mipando yawo, anandisuzumira m'mbali mwa chipewa.

"A Kalaliki, mutu wanuwu tsopano wafanana ndi tchire la tiyi lomwe kapitawo anaiwala kudulira. Tsiku lina azimayi adzakuikani m'dengu."

"Yang'anani msewu, a Saidi."

"Msewu ndikuudziwa. Chomwe sindikudziwa n'chakuti tikupita kukaona chiyani. Anthu? Nanga pa esiteti palibe anthu?"

Tinayambira kum'mwera, kudutsa m'midzi ya kwa Khwethemule, mpaka pa msika wa Masambanjati. Nthochi zinali mulumulu m'mbali mwa msewu, chinangwa, nandolo, nanazi, mizimbe. Anthu ambiri pamenepo ankandidziwa monga mkamwini wawo. Dona anadutsa zonsezo osaziona. Ankafuna amayi achikulire okhala ndi mphini kumaso. Atawapeza awiri akugulitsa makaka, chinangwa chouma chija, anandiuza kuti ndiwauze avule mabulauzi, chifukwa zovala za kumishoni zikuwononga chithunzi. Mmodzi mwa amayiwo ndi amene anasambitsa mtembo wa Edina. Ndinawerama n'kuwauza kuti dona akufunsa mtengo wa makaka. Anatchula mtengo. Ndinatembenuka nkuuza dona kuti akana. Bwana Fulumira anati, "Waona? Ndinakuuza kuti mtundu uwu ndi wosamva."

A Makwinja anali pa msikapo akugulitsa mphasa. Anandikokera pambali.

"Alamu, mwayamba kuyenda ndi azungu kumaonetsa anthu ngati anyani?"

"Ndi ntchito, alamu."

"Ntchito. Chimera tinanyika kale, mowa ukupsa Loweruka. Ulendo wanuwu ukuthera kuti?"

"Ku Ntcheu. Tibwera Lachisanu."

Anatukula chipewa changa pang'ono ndi chala, nkuyang'ana, nkuchibwezera.

"Chabwino. Dzuwa likadzapendeka musanafike, ife tidzamwa mowa wathu."

Rute sanabwere naye ku msika. Mudzi wawo unali kuseri kwa phiri lomwe ndinkaliona, koma bwana anali atayamba kale kufuula liwu lake lija.

Juni 1952, kumpoto

Tinagona ku Limbe, azungu m'hotela, ine ndi a Saidi pansi pa lole. M'mawa tinalowera ku Chiradzulu, kwawo kwa a Saidi. Kumeneko dona anafuna munthu wovala mkanjo ndi kofia, ndipo bwana anauza a Saidi kuti akabwereke zimenezo avale. A Saidi anavala, nkuima pafupi ndi mulu wa miphika yogulitsa, manja pachifuwa, nkhope yolemekezeka ngati shehe. Dona akukonza kamera, iwo ankalankhula milomo isakuyenda: "A Kalaliki, kwawoko akati uyu ndi mfumu ya Ayao. Mkazi wanga akamva adzafuna nsapato." Anthu a pa msika anagwa ndi phwete, dona nkuganiza kuti akondwera naye. Ine sindinaseke. A Saidi anali dalaivala woyamba wakuda pa esiteti yathu, munthu wotha kumasula injini yonse ndi kuibwezeretsa, koma chithunzi chimenecho palibe anachifuna.

Ulendo wonse unali wotere. Tinaoloka Shire pa Matope, nkuyamba kukwera kulowera ku Ntcheu. Mudzi uliwonse bwana ankayamba wanena kuti anthu ake ndi otani tisanatsike n'komwe, ndipo tikatsika dona ankafunafuna munthu wofanana ndi zomwe wauzidwa. Akapeza mphunzitsi wovala tayi, telala ali pa makina ake, kapena mayi wowerenga Baibulo, ankadutsa. Akapeza mwana wamaliseche wa mimba yotupa, kamera inkalira. Ine ndinali pakati, kutembenuza mawu a uku kupita uko, ndikuchotsamo minga kuti anthu asatigende.

Lachinayi m'mawa tinafika pa msika wa Lizulu. Kunali chisanu chomwe ife a ku Thyolo sitinachizolowere, mphepo yochokera ku mapiri a malire ikudutsa m'malaya. Msika unali wodzaza kabichi, mbatata ya kachewere, anyezi, nyemba. Dona anauzidwa kuti Angoni ndi ankhondo, ndiye ankafuna mikondo, zishango ndi nthenga. Anapeza amuna ovala majasi akale a usilikali atakhala pa matumba a mbatata. Anandituma kwa mkulu wina kuti ndimufunse komwe kuli mkondo wake.

"Auzeni agule kaye kabichi," anatero mkuluyo. "Mkondo ndinasula khasu. Akufuna ndiwabaye ndi kabichi?"

Popeza anali munthu wamkulu, pomuthokoza ndinavula chipewa, monga momwe ndinaleredwera. Ndinaiwala kuti dona ali kumbuyo kwanga. Tsitsi la miyezi yonse ija linatulukira, lopotana, lofiira ndi fumbi la m'njira. Dona anakuwa mokondwa ngati watola chinthu. Anafunsa mchimwene wake, ndipo bwana anamufotokozera: mkazi wake anamwalira, sameta mpaka pa mwambo wina wa kumudzi, ndi chifukwa chake tiyenera kubwerera mawa. Dona anati n'zachisoni kwambiri, ndipo m'mpweya womwewo anati n'zachisoninso kubwerera asanaone Dedza ndi nyanja, atayenda mtunda wonsewu.

Pansi pa mtengo wa bulugama, pafupi ndi ogulitsa anyezi, panali wometa ndi mpando wake, kagalasi katapachikidwa pa msomali. Ndinaona bwana akuyang'ana wometayo, nkuyang'ana mutu wanga, nkhope yake nkuwala monga munthu amene wapeza nzeru.

"Jonasi," anandiitana, "mwambo wakowo ndi kumeta basi, si choncho? Wometa ndi uyo. Tichitire pompano. Mlongo wanga ajambula, anthu awa aimirira mozungulira ngati abale, ndipo Loweruka sudzafunikanso kupita. Tonse tapindula."

Sankanyoza ayi. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti wandithandiza, ndipo chimenechi n'chomwe chimandiwawa mpaka lero. Munthu amene ankadzitama kuti amadziwa mitundu yonse ya m'dziko muno, amene ndinamufotokozera ndekha m'chinenero chake, ankaona kuti maliro a Edina ndi tsitsi chabe, loti aliyense wokhala ndi sizasi angathe kulichotsa.

Anandigwira pa mkono kupita nane pa mtengo paja. Anthu anayamba kusonkhana. Wometayo anapukuta mpando, nkundiyang'ana kumutu, nkusiya kupukuta.

"Achimwene, ili ndi tsitsi la maliro. Anamwalira ndani?"

"Akazi anga."

"Pepani. Abale awo ali pano?"

"Ali ku Thyolo."

"Nanga ine ndikhala ndani pamenepa?"

Bwana anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinamasulira liwu ndi liwu, ulendo woyamba sabata yonseyo osachotsamo kanthu. Anati ndimuuze kuti amulipira bwino. Wometayo anakweza mapewa, nkutenga sizasi, nkuima kuyembekezera ine. Sindimuimba mlandu. Anali ndi ana ake, ndipo mutu sunali wake. Dona anali atayamba kale kukankhira amayi ogulitsa anyezi kuti aime kumbuyo kwa mpando, akuwaonetsa ndi manja kuti agwire kumaso ngati akulira.

Ndinaganiza za nyumba ya njerwa ya pa esiteti, yokhayo yomwe ndikanatengerako Rute. Ndikakana, nyumbayo yapita. Ndikakhala pa mpando, nyumba ikhalapo koma mwana woti agonemo sadzabwera. Ndinavala chipewa changa.

"Bwana, tsitsi ili si langa. Eni ake ali ku Masambanjati."

"Usandichititse manyazi pamaso pa mlongo wanga. Ndiwe munthu wophunzira, Jonasi. Khala pansi."

"Sindikhala, bwana. Munanena kuti tibwerera Lachisanu."

"Ndasintha. Tikupita ku Dedza. Kaya ukhala pa mpandowu nkukwera lole, kaya utsala pompano. Ukatsala, ku ofesi kwanga usadzapondeko."

M'kamwa mwanga munali mawu ambiri okhudza lole imeneyo ndi zomwe inakana kunyamula. Ndinawameza, ndipo nthawi zina ndimadandaula kuti ndinawameza. Ndinangopita ku lole kukatenga bulangete langa. A Saidi anali atatsegula boneti, akunamizira kukonza kanthu.

"A Kalaliki," anatero mutu uli mu injini, "kuseri kwa sitolo ya Mmwenye kuli lole ikupakira mbatata yopita ku Limbe. Dalaivala wake ndi Ajusu, tinavinidwa limodzi. Mukawauze kuti Saidi wati akunyamuleni, apo ayi ndikaulula zomwe anachita ku Zomba." Anatulutsa mutu, maso ali ofiira. "Nanga dona uyu ndizimuuza chiyani ine? Chingerezi changa ndi yesi ndi no."

"Muziwauza yesi."

"Ndiye mpaka afika ku Tanganyika."

Ndikuchoka ndinamva kamera ikulira kumbuyo kwanga. Sindinacheuke. Ngati chithunzi chimenecho chilipo kwinakwake kutsidya la nyanja, ndi cha msana wa munthu wonyamula bulangete, ndipo sindidziwa kuti pansi pake analembapo mtundu wanji.

Loweruka

Lole ya mbatata inanyamuka madzulo, nkufa tisanafike pa Matope, ndipo tinatha Lachisanu lonse tikudikira chitsulo choikonzera. Ndinalowa m'Limbe Loweruka kutacha, nkupeza basi yofika ku boma la Thyolo kokha. Kotsalako ndinayenda wapansi, podutsa njira zachidule za m'minda ya nthochi, maso ali pa dzuwa. Ndinafika litayamba kupendeka. Anthu anali atakhala pabwalo, mitu ya apongozi anga ndi azilamu anga ili mbee, tsitsi lawo litasonkhanitsidwa pa tsamba la nthochi. Mitsuko ya mowa inali isanatsegulidwe. A Makwinja anakhala pa mtondo wogubuduza, lumo lili m'manja.

"Azungu anu ali kuti, alamu?"

"Ku Dedza."

"Akupatsani tchuthi?"

"Andichotsa ntchito."

Ndinawafotokozera mwachidule za mpando wa pa Lizulu. Apongozi anga anayamba kulira maliro mwatsopano. A Makwinja anandilozera pansi patsogolo pawo, ndinakhala, iwo nkundivula chipewa okha. Analowetsa zala m'tsitsi mbali zonse, mpaka kuseri kwa makutu, kuona ngati sizasi inadutsamo. Kenako ananyowetsa ndi madzi nkuyamba kumeta. Dzanja lawo silinali lofatsa, ndipo anandicheka kangapo.

Atatha, ndinapempha kuyankhula za mwana.

"Yankhulani. Koma tiuzeni, ntchito mulibe, nyumba mulibe. Mwanayo mukamugoneka m'chipewa?"

"Ndili ndi setifiketi ya uphunzitsi. Ndipita kwa amishoni."

"Akakupatsani sukulu ndi nyumba yosadontha, mubwere mudzamutenge. Tchuthi chilichonse azibwera kuno adzalime, adziwe manda a mayi ake. Mwanayo ndi wathu, musadzaiwale." Anapukuta lumo pa kabudula, nkundiloza nalo. "Ndipo ndikadzamva kuti mwamuimika pamaso pa mzungu kuti amujambule, ndidzakumetaninso, koma ulendo umenewo ndidzayambira m'khosi."

Anthu anaseka, mitsuko nkutsegulidwa. Apongozi analowa m'nyumba nkutuluka ndi Rute. Anali wa zaka zitatu. Atandiona ndi mutu wambee wotuluka magazi anakuwa nkukabisala kumbuyo kwa amalume ake, ndipo anakana kundiyandikira mpaka ndinachoka m'mawa mwake.

Sukulu ndinaipeza m'mwezi wa Okutobala, kufupi ndi kwathu ku Chimaliro, ya makalasi awiri ndi nyumba ya udzu. A Makwinja anabwera okha kudzaona denga, nkukwera pamwamba, nkunena kuti mvula yoyamba idzatinyowetsa. Anakhala nane sabata yonse tikufolera mwatsopano. Atakhutira anapita, nkubwera naye Rute atamubereka kumsana ngati mayi, kamtolo ka zovala zake kali pamutu.